Malaya Osachapa a Torkis

"Tamvera, Lanniari, mwamuna wako wayambapo kufunsira," anatero Masdewa, akufinya nsalu pamwala.

Amayi amene ankachapa pa mpope wa nsungwi anaimika manja. Kutsidya kwa khwawa, kumtunda kwa minda ya mpunga, kunkamveka chibonga chikugogoda pang'onopang'ono, ndi mawu a mwamuna akuimba motsitsa. Anali Torkis, mwamuna wa Lanniari, ali pamwamba pa mtengo wa bargot, wonga mgwalangwa, kuseri kwa nyumba ya amalume ake, a Tulang Sangkot.

Lanniari sanadzutse mutu. Anapitiriza kufikisa yunifolomu ya mwana wake Rida ngati yamulakwira.

"Akufunsira mtengo," anayankha. "Mtengo sungandilande banja."

Kwathu ku Huta Ombun palibe amadabwa mwamuna akamaimbira bargot. Mtengowu ndi namwali wonyada. Ukafuna madzi ake otsekemera ophikira shuga, umagogoda mwaulemu dzanja lake la maluwa, kuligwedeza, kumuimbira, ndipo umabwera kwa iye ndi malaya amodzimodzi, osaona sopo, mpaka dzanjalo litatha. Ukasintha fungo amakuyesa mlendo, n'kukumana madzi. Izi Lanniari ankazidziwa ngati wina aliyense, ngakhale anakulira kuchigwa.

Chimene chinkamudya mtima si mtengo, koma munthu amene ankalandira nsungwi zodzaza madzi otsekemerawo patsinde pake. Derhana, mwana wa a Tulang Sangkot, anali atabwerera kwa bambo ake mwamuna wake atamwalira, ana awiri ali pambuyo. Ndiye msuweni amene mudzi wonse unkayembekeza kuti Torkis adzakwatira, monga mwambo umafunira, Torkisyo asanatsikire kuchigwa n'kubwerako ndi Lanniari. Tsopano Torkis ankaoloka khwawa m'mawa ndi madzulo kukatsitsa nsungwi, kuti Derhana aziphika shuga n'kudyetsa ana ake.

"Mtengo sungakulande, inde," anatero Masdewa, "koma mthunzi wake uli ndi miyendo."

Amayi anaseka mpaka wina sopo anamupulumuka.

"Madzi saiwala khwawa, mwali. Ndipo malaya aja akumukhalabe bwino mwamuna wako. Aja obiriwira, a thumba lokhota."

"Sanza zija?"

"Sanza? Anasoka Derhana ali namwali, pa makina a mayi ake. Ine ndinalipo, ulusi ndinamubwereka ndine. Kodi sunkadziwa?"

Malayawo Torkis anawatulutsa pansi pa bokosi tsiku limene anayamba kugogoda mtengo wa a Tulang. Zaka zonsezi Lanniari ankawapinda ndi manja ake akamakonza m'bokosimo, akuyesa ndi nsanza za unyamata, osadziwa kuti akusungira mkazi wina chikumbutso. Anatola zochapa zake zosatsukuluza bwino n'kukwera kunyumba.

Madzulo Torkis anafika, nakoloweka malaya aja pa msomali m'chisakasa cha nkhuni, n'kusamba. Anakhala pamphasa kudya mpunga wa chigwada ndi nsomba yowamba. Mayi ake, amene Lanniari ankawaitana kuti a Bou, anali pambali akumenyera shuga wofiira m'khofi.

"Bang, malaya aja anasoka ndani?" anafunsa Lanniari, akumuitana monga akazi a kuno amaitanira amuna awo.

Torkis anatafuna kaye, nameza, n'kuchotsa kamunga pamlomo.

"Ndi akale."

"Sindinafunse zaka zake."

"Nsalu yake ndi yokhuthala, amake Rida. Ulusi wakuda wa bargot umabaya ngati singano, njuchinso zimadzaza pansungwi. Ukufuna ndizikwera ndi malaya a kumzikiti?"

"Okhuthala m'bokosi muja analimo ambiri. Mwasankha a thumba lokhota."

"Ndiye poti mtengo wawazolowera, nditani?"

"Mtengo mumautcha wokongola wanu, mumaupempha, mumaunyengerera, mudzi wonse ukumva. Ine munandiimbirapo liti? Mukalowa muno ndi 'khofi ali kuti' basi."

Torkis anaseka, kuganiza kuti nkhani itha ndi nthabwala.

"Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine ndi nkhope iyi, ndikapanda kuimba ngakhale mtengo ungandikane. Iwe ukadzayamba kudontha shuga, ndidzakuimbira mpaka mawu atasasa."

Rida anaseka. Lanniari sanaseke.

"Derhana ali ndi dzanja," anatero a Bou, ngati akulankhula ndi kapu yawo. "Shuga wake sapserera, sawawa. Ndipo iwe mwana wanga, usaiwale kuti mimba imene inabala mwamuna wakoyu inachokera pakhomo paja. Mlongo wanga akaitana, ife timathamanga, sitifunsa kuti kwagwanji."

Mwambowo Lanniari ankaudziwa. Banja limene linabala mayi ako silikanidwa kanthu, ndipo Torkis akanaoloka khwawa lija ngakhale Derhana akanakhala nkhalamba yopanda mano. Koma Derhana sanali nkhalamba. Anali wamtali, wofatsa, woyenda ngati wasenza madzi, ndipo umasiye unangomuwonjezera ulemu.

Lanniari anatuluka kukataya madzi otsukira mbale. Kuseri kwa nyumba kunali bargot wina, amene anamera yekha chaka chimene iye anakwatiwa. Ankamutcha wake. Dzanja lake loyamba linali litangoyamba kutuluka, ndipo nkhuni za m'chisakasa anaunjika yekha poyembekeza tsiku lodzaphika shuga wa pakhomo pake. Podutsa pa msomali paja anaima. Malaya ankanunkha thukuta, utsi ndi madzi osasa, ndipo iye anawanunkhiza ngati akufunamo fungo lina.

Lachisanu masana amuna onse anatsikira kumzikiti atavala zoyera. Lanniari anatenga malaya aja, n'kutenganso sopo wa fungo la maluwa amene anagula kumsika kuti azisambira pa chikondwerero chotsiriza mwezi wosala kudya.

Pampope anapeza Masdewa.

"Mwali, wapenga? Bweza msanga asanatuluke!"

"Ndine mkazi wa pakhomo, ndikuchapa za mwamuna wanga. Mlandu uli pati?"

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Uswa mkhate iwe."

"Pakamwa pako ndi pamene panayamba izi. Sendera ndichape."

Sanachape mwangozi, ndipo tisamunamizire. Ankadziwa chimene ankachita. Ankafuna mtengo uume, mwamuna wake asiye kuoloka khwawa. Anafikisa mobwerezabwereza mpaka madzi akuda anasanduka oyera, thumba lokhota lija analipotokola ngati khosi la nkhuku. Anawayanika padzuwa, nawasita ndi nsimbi ya makala, n'kuwabwezera pa msomali ali tswii.

Nthawi yokatsitsa nsungwi itakwana, Torkis analowa m'chisakasa. Anakhalitsamo. Kenako anatuluka atanyamula malaya m'manja, n'kuyang'ana mkazi wake, amene ankapeta mpunga wopetapeta kale.

"Wachapa bwino," anatero.

Anawavala n'kunyamuka. Lanniari akanakonda atamukalipira.

M'mawa mwake nsungwi inatsika yosadzaza. Tsiku linalo inatsika ndi madzi a pansi penipeni. Torkis anayesa kufukiza malaya pa utsi, anayesa kulima nawo kuti alowe thukuta, anasenga dzanja lija mosamala ndi mpeni wakuthwa, anaimba mpaka agalu a kutsidya anamuyankha. Ena kogulitsira khofi ankati ndi sopo, ena ankati bargot amamva munthu akakwera ndi mtima wowawa. Kaya chinali chiti, sabata isanathe pamene ankasengapo panada n'kuuma gwa.

Torkis anasiya kuoloka khwawa. Lanniari anayamba kuyenda mopepuka, namuphera nkhuku popanda mlendo. Mwamunayo anadya, nathokoza, n'kupita kumunda wa khofi. Sankakalipa, sankaseka, ndiponso sankaimba, ngakhale kamluzu. Komabe anali pakhomo, ndipo Lanniari anadziuza kuti wapambana. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Amalondawo anafika Lamlungu m'mawa, atavala chipewa chakuda, akutsamira ndodo. A Tulang Sangkot sankaoloka khwawa wamba chifukwa cha maondo awo. A Bou anathamanga kukayala mphasa yatsopano kumtunda kwa chipinda, Torkis anawapsompsona dzanja, ndipo Lanniari anabweretsa khofi atawerama.

Mkuluyo anamwa pang'ono. Anafunsa za mpunga, za mbewa za m'munda, za sukulu ya Rida. Kenako anaika kapu pansi.

"Mphwanga, namwali wathu uja watikana."

"Ndaona, Tulang. Ndalephera ndine."

"Iwe sunalephere. Ndakuona ukukwera kuyambira uli wosavala. Koma akuti masiku ano mitengo ya ku Huta Ombun ikumva fungo la maluwa a m'sitolo." Ananena akumwetulira, osayang'ana Lanniari. "Ine sindinabwere kudzazenga mlandu. Madzi akatayika saoleka. Kungoti adzukulu anga aja sadya nyimbo, ankadya shuga wa mayi wawo. Dzanja lina kuti lituluke pa mtengo uja ndi mpaka mvula ina."

Lanniari analakalaka pansi patang'ambika. Anali ataganizira za Torkis, za Derhana, za malaya, koma za ana awiri aja sanaganizirepo ngakhale pang'ono.

A Bou ndi amene anayankha.

"Achimwene, musachite kupempha pakhomo pano, mungatichititse manyazi. Kuseriku kuli bargot, dzanja lake latuluka. Madzi ake ndi a Derhana mpaka wanu adzakhululuke."

"Bou, uja ndi wanga!" Mawuwo anamupulumuka Lanniari.

"Ndi wako, inde. N'chifukwa chake ndi woyenera." A Bou anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso. "Chatsala n'chimodzi, ndipo usankhe ndiwe, poti ndiwe mwini mtengo. Madzi a bargot sachedwa kusasa, amafuna moto nthawi yomweyo. Kaya mwamuna wako aziwasenza m'mawa ndi madzulo kupita nawo kutsidya, n'kumathandiza kuwaza nkhuni komweko monga kale. Kaya Derhana azibwera ndi chiwaya chake kudzaphikira m'chisakasa mwako. Nena."

Lanniari anayang'ana Torkis kuti mwina amuthandiza. Torkis ankayang'ana mphasa. Mkaziyo anaona njira ziwirizo, zonse zaminga. Kutsidya kunali kumene maso ake sankafika. Kuno kunali pakhomo pake, nkhuni zake, mtengo wake, ndipo mkazi wamtali uja akanakhalapo tsiku lililonse kuyambira kum'mawa.

"Azibwera kuno," anatero. "Pamene ndikuona."

"Mwana wabwino," anatero a Tulang Sangkot, natenganso kapu yawo. Ngati anamva mawu otsirizawo, sanaonetse.

Masabata ogogoda dzanja latsopano anayamba. Mtengo watsopano umafuna malaya akeake, ndipo Lanniari sanadikire kuti bokosi litsegulidwenso. Anadula nsalu yake yokhuthala yopitira kumunda, nasoka pamanja. Kusoka sikunali kwake. Dzanja lina la malayawo linatalika, m'khwapa munathina. Anawaika pa msomali, ndipo Torkis anawavala. Obiriwira aja anawaponya pamulu wa nkhuni.

Ankakwera makwerero a nsungwi m'mawa uliwonse, nagogoda, nagwedeza dzanja lija monga mwa ntchito. Lanniari ali m'khitchini ankamva chibonga chokha. Poyamba anati zili bwino, nyimbo ija inamutopetsa. Koma chibonga chopanda nyimbo chimamveka ngati munthu akukhoma bokosi, ndipo pakhomo panayamba kuzizira.

Torkis atadula nsonga ya dzanja n'kupachika nsungwi, uthenga unapita kutsidya. M'mawa mwake nkhungu isanachoke m'minda, Derhana anafika atasenza chiwaya chachikulu pamutu, mthiko uli m'manja.

"Odi, mng'ono wanga."

"Lowani, akulu anga. Moto ndakoleza kale."

Anapatsana moni wonse woyenera, wofunsa ana ndi maondo a madala. Derhana anayang'anayang'ana chogwirira chiwaya kuti achikhazike pamoto, ndipo dzanja lake linagwera pa malaya obiriwira aja. Anawatambasula pang'ono, nayendetsa chala pa thumba.

"Ndinkasoka mokhota kale," anatero. Anawapinda pawiri n'kugwirira chiwaya chamwaye.

Lanniari ankayembekeza misozi kapena mawu obaya. Atasowa zonse ziwiri, nsanje inamukwera kuposa kale, chifukwa munthu amene akuda ngati alibe chobisa, kapena wabisa mozama kwambiri.

Torkis anatsika ndi nsungwi yoyamba, naipendeketsa pachiwaya. Munatuluka timadzi tosakwana kuphikira khofi wa alendo. Onse atatu anangotiyang'ana.

"Mwina sanazolowere," anatero Derhana mofatsa. "Ndibwera mawa."

Anabwera mawa lake, ndi mkuja, n'kumabwerera ndi mthiko wouma. Tsiku lina anabwera ndi mwana wake wamng'ono, amene ankasuzumira m'chiwaya chopanda kanthu n'kumanyambita chala. Lanniari anamupatsa nthochi, koma maso a mwanayo anamutsata tsiku lonse.

Madzulo a tsikulo Torkis anakweranso. Akazi awiri anali m'chisakasa, moto ukungodya nkhuni pachabe. Pamwamba pankamveka mpeni ukusenga, kenako chete.

"Sanamuimbirepo chiyambire, eti?" anafunsa Derhana, osadzutsa mutu.

"Ayi."

"Ndiye sangapereke. Ine sindingamuuze. Si mwamuna wanga."

Lanniari anatola chikuni. Kenako anachiponya pamoto, natuluka, n'kukaima patsinde pa mtengo wake. Anayang'ana kumwamba, kumene mwamuna wake anakhala pakati pa ulusi wakuda atavala malaya othina m'khwapa.

"Bang!"

"Ee?"

"Muimbireni."

"Wati chiyani?"

"Mwamva. Muimbireni wokongola wanuyo. Kapena mukufuna ndikwere ndekha?"

Kenako mawu anayamba, osasa pang'ono chifukwa chokhalitsa:

"Wokongola wanga wa tsitsi lakuda,
ndabwera ndi nsungwi, sindinabwere ndi nkhwangwa.
Lira pang'ono, ana adye,
ndidzakupukuta misozi m'mawa."

Lanniari anali asanaimvepo pafupi chonchi. Kutsidya inkamveka ngati kung'ung'udza chabe. Apa mawu aliwonse ankagwa pamutu pake, ndipo anazindikira kuti mwamuna amene anagona naye mphasa imodzi zaka zonsezi anali ndi mawu ofewa amene iye sanawadziwe.

Anatembenuka kuyang'ana m'chisakasa. Derhana anali atagwada akukankhira nkhuni pansi pa chiwaya, nkhope ili pamoto. Milomo yake inkayenda. Sankatulutsa mawu, koma ankatsatira nyimboyo mzere ndi mzere, ndipo pena ankayamba mzere Torkis asanafikepo.

Mtima wa Lanniari unapotokola monga anapotokolera thumba lija. Anafuna kukuwa kuti asiye, atsike, chiwaya chibwerere kwao. Koma pamwamba, m'kati mwa nsungwi yopanda kanthu, munamveka dontho. Kenako lina.

Sanabwerere m'chisakasa. Anakhala pansi patsinde pomwepo, natsamira mtengo wake, ulusi wakuda ukumubaya pamsana. Torkis atafika kumapeto n'kuyambiranso, iye anatchera khutu, nayamba kuiloweza nyimboyo kuyambira mzere woyamba.